Malo Amene Amati Alibe Mwini

Lero tikamba za malo amene anthu amati alibe mwini: mabwalo a mpira, m'mbali mwa misewu, ngalande, ndi tchire lotsala pakati pa nyumba. Ku Kabwata, ku Chelstone, ngakhale ku Woodlands ndi ku Kabulonga, alipo anthu amene amakhuthula zinyalala pamalo otere usiku, pothawa kulipira galimoto yozitengera kudzala la mzinda ku Chunga.

Kodi choipa chake n'chiyani? Tcherani khutu. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa miyala ya laimu, yokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Mvula ikagwa pa mulu wa zinyalala, madzi onyansa amalowa m'ming'alu ija msanga, nakafika m'zitsime. Madzi ena a mzinda uno amachokera ku mtsinje wa Kafue, koma enanso ambiri amatungidwa pansi pa mapazi athu pomwepa. Mapulasitiki nawo amatseka ngalande, madzi amvula nasefukira m'zimbudzi ndi m'nyumba. Umu ndimo matenda a kolera amapezera njira.

Mu Okutobala 2017 kolera inabuka mu Lusaka. Pofika Disembala, Pulezidenti Edgar Lungu anatuma asilikali kukayeretsa misika ndi misewu ya pakati pa mzinda, ndipo mu Januwale 2018 sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Mu 2024 zinachedwanso, ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Wokhala kumayadi asati izi ndi za kukomboni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Asilikali sangatisesere masiku onse. Mu 2007 Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa ntchito ya dziko lonse yosunga Zambia mwaukhondo. Mu 2018 ntchitoyi inayambitsidwanso, ndipo kunapatulidwa tsiku limodzi pamwezi loti anthu aziyeretsa kumene akhala. Amipingo, amalonda a m'misika ndi achinyamata akhala akutuluka ndi matsache, mafosholo ndi mawilibala, osayembekeza malipiro.

Koma malo osesedwa n'kusiyidwa sachedwa kudzalanso. Kusesa ndi chiyambi chabe, ntchito yaikulu ndi kulonda. Pamene padzalidwa mitengo, pamene ana amasewera tsiku ndi tsiku, wotaya zinyalala amachita manyazi, pakuti amaona kuti eni ake alipo.

Tsono aphunzitsi, tulukani ndi ana sabata ino, mupeze malo amodzi otere pafupi ndi sukulu yanu. Ana ajambule mapu ake, alembe zimene zatayidwapo, ndipo kalasi lonse lilembe kalata kwa khansala wa dera lanu. Mukasesa, dzalanipo mitengo, ndipo mugawane masiku oithirira. Ana inu, musagwire mabotolo osweka kapena singano zachipatala, itanani wamkulu. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo.

Tsalani bwino.