CHIDINDO CHA PA KOMPYUTA

Nkhani ya mwezi uno ndi ya chidindo.

Munthu akamapita ndi ng'ombe ku msika wakutali amatenga kalata kwa mfumu. Wogula sakhulupirira nkhope ya wogulitsa, koma ayang'ana chidindo, pakuti ndicho chimsonyeza kuti kalatayo yachokeradi ku bwalo la mfumu. Mwambo womwewu ulipo pa kompyuta.

Pulogalamu yowerengera za pa intaneti, monga Firefox kapena Chrome, imalola munthu kuonjezapo timapulogalamu tating'ono, tina totsekereza zotsatsa malonda, tina tomasulira zinenero. Tambiri mwa timeneti tikalowa timatha kuona zimene munthu alemba, ngakhale mau achinsinsi a ku banki kapena malikisi a ana a sukulu. Chifukwa chake nkofunika kudziwa kumene tachokera.

Chidindocho chimagwira nchito motere. Wodinda ali ndi makiyi awiri, amene ndi manambala aatali. Kiyi imodzi amaibisa, ndiyo yodindira. Inzake amaionetsa kwa onse, ndiyo yoyesera chidindo. Wina akasintha ngakhale lemba limodzi m'pulogalamu yodindidwa, chidindo sichigwirizana nayonso, ndipo kompyuta iikana.

Nanga achitira umboni ndani kuti kiyiyo ndi ya uje? Pali kalata yaumboni, ndiyo setifiketi, yonena mwini kiyi, amene anaipereka, ndi tsiku lakutha mphamvu yake. Monga nyakwawa avomerezedwa ndi gulupu, gulupu ndi mfumu yaikulu, setifiketi nayonso ichitiridwa umboni ndi ina yoiposa, kufikira pa ija imene pulogalamu inabwera nayo kuchokera kwa oipanga.

Kuyambira chaka cha 2016, Firefox wamba salola kapulogalamu koonjezera kopanda chidindo cha Mozilla, bungwe limene limampanga. Pa 4 May 2019 setifiketi ina ya bungweli inatha mphamvu isanasinthidwe, ndipo timapulogalamu ta anthu m'maiko ambiri tinaleka kugwira nchito. Panalibe mbala, tsiku lokha ndilo linapitirira. Bungwelo linakonza cholakwacho m'masiku owerengeka.

Koma mbala zilipo. Mu 2011 zinalowa m'makompyuta a DigiNotar, kampani ya ku Holland yopereka setifiketi, ndi kudzilembera setifiketi zabodza zopitirira 500. Ina inali m'dzina la Google, ndipo anaigwiritsa nchito pozonda anthu a ku Iran. Opanga mapulogalamu anafafaniza DigiNotar pa mndandanda wa odalirika, ndipo kampaniyo inagwa chaka chomwecho. Mu 2017 pulogalamu yotchedwa CCleaner inafika kwa anthu opitirira mamiliyoni awiri ili ndi choipa m'kati, chidindo chake chili chenicheni, pakuti mbala zinalowetsa choipacho isanadindidwe.

Chotero chidindo chinena zinthu ziwiri zokha: amene wadinda, ndi kuti katundu sanasinthidwe panjira. Sichinena kuti katunduyo ngwabwino. Munthu wochenjera asunge malangizo awa:

1. Atenge timapulogalamu pa malo a eni ake a Firefox kapena Chrome, osati pa memori khadi ya mnzake.

2. Kompyuta ikachenjeza kuti chidindo sichidziwika, aleke. Asamvere womuuza kuti azimitse chenjezolo.

3. Awerenge zimene kapulogalamu kakupempha. Kakafuna kuona zonse zimene iye alemba pamene nchito yake ndi yaing'ono, akakane.

4. Aone kuti tsiku ndi nthawi pa kompyuta zili zoona, pakuti zikalakwika, setifiketi yabwino ioneka ngati yakutha.

Aphunzitsi amene asunga kompyuta ya sukulu afotokozere anzao ndi ana omwe. Amene sanamvetse afunse wodziwa asanadine, pakuti safunsa anadya phula.