Kodi ndalama ya tsiku logawana mukusungira chiyani?

Amayi anzanga, mwadutsa pa Mwanza, pa Dedza, pa Mwami ndi pa Beitbridge kuti tikondwerere limodzi. Ena mwagona m'basi masiku awiri ndipo mapazi atupa, ndiye ndilowe m'nkhani msangamsanga.

Kusunga ndalama tonse pano timakudziwa. Ku Malawi timati banki m'khonde kapena chipereganyu, ku Zambia chilimba, ku Zimbabwe mukando, ku Mozambique xitique, ku Joni stokvel. Njira ya bokosi la maloko atatu ndi timabuku todindamo masheya inayambira ku Niger mu 1991, pamene bungwe la CARE linkagwira ntchito ndi amayi akumeneko, koma kusonkherana kunalipo kale pakati pa amayi athu. Chimene chimatigwetsa ambirife ndi sabata yotsatira tsiku logawana. Chaka chonse mayi wadzimana, wadinda masheya osaphonya, wabweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Disembala afika, walandira mtolo wake, wamanga pa chitenje. Mukakumana naye mu Febuluwale n'kumufunsa kuti ndalama ija inagwira ntchito yanji, amayamba kuwerenga zala: pang'ono Khirisimasi, pang'ono mlamu anabwereka, pang'ono mipando ya pabalaza. Sanabe, sanamwere mowa. Ndalama inangopeza kuti mwini wake sanaiuze kopita, ndiye aliyense amene anafika msanga anaipatsa njira.

Pa misonkhano yambiri timauzidwa kuti tikhale ndi cholinga. Ndi zoona. Koma ine ndaona kuti zolinga zambiri zimene timalemba m'mabuku athu n'zobwereka. Mnzathu wafolera nyumba ndi malata amtundu, nafenso talemba malata amtundu. Wina waika chithunzi cha firiji pa WhatsApp, gulu lonse lalemba firiji, ena kunyumba kulibe ndi magetsi omwe. Cholinga chobwereka chili ngati nsapato ya mnzako: pa ukwati uvala ndithu, koma ulendo wautali ikutupitsa matuza, ndipo uivula panjira. N'chifukwa chake mwezi wachinayi ukafika, masheya amayamba kuphonyeka. Mtima sunali pamenepo.

Ndiye funso loyamba lisakhale lakuti ndigule chiyani. Funso loyamba ndi ili: pa zonse zimene ndili nazo, n'chiyani chimene sindingalole kuti chitayike, ngakhale zinthu zitavuta bwanji? Musayankhe msanga, chifukwa yankho loyamba kawirikawiri limakhala lija timadziwa kuti anthu akondwera nalo. Ganizirani chaka chimene munavutika kwambiri. Kwa ena ndi chaka cha njala, kwa ena ndi nthawi ya Covid malire atatsekedwa, kwa anzathu a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mwina ndi Malichi 2023, Freddy atakokolola zonse. Pa nthawi imeneyo munagulitsa chiyani poyamba, ndipo n'chiyani chimene munakana kugulitsa mpaka mapeto? Wina anagulitsa foni ndi mbuzi koma fizi ya mwana analipira. Wina analola mwana kukhala kunyumba teremu imodzi koma mpamba wa bizinesi sanaukhudze, chifukwa anaona mmene mayi ake anavutikira popempha ndalama ya mchere kwa mwamuna. Wina anadya kamodzi patsiku koma mankhwala a amayi ake okalamba sanasowe. Amayi atatuwa palibe wolakwa. Aliyense anaonetsa chimene chili pansi pa mtima wake, ndipo anaonetsa ndi zochita, pa nthawi imene kunama kunali kosatheka.

Chimenecho mukachipeza, cholinga chimabadwa chokha. Amene mtima wake uli pa sukulu ya ana asadzivute ndi mipando chaka chino. Amene mtima wake uli pa kudziimira payekha aike patsogolo mpamba ndi malo ogulitsirapo. Ndipo ndinene izi poyera, poti tili tokhatokha: pali amayi amene chimene amachifuna koposa ndi mtendere wa mumtima, kugona opanda ngongole. Mayi wotero asachite manyazi kuti bizinesi yake ya zitumbuwa sinakule kufika pa golosale. Si tonse tinabadwira kuyenda ndi zikwama za katundu pa malire.

Tsopano pali vuto limene ife a m'mayiko osiyanasiyana timalidziwa kuposa ena. Zinthu ziwiri zimene timazikonda zimatha kukokana. Tiyerekeze mayi amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Anapita chifukwa cha ana. Mwezi ndi mwezi amatumiza ndalama pa Mukuru, nyumba ya zipinda zinayi ikukwera kumudzi, ndipo aliyense akumuyamikira. Koma nyumba ikakula, chaka chobwerera chimasunthira kutsogolo: ndimalize pulasitala, ndiike siling'i, ndimange mpanda. Mwana amene anamusiya ali sitandade 2 pano akulemba mayeso a sitandade 8, ndipo akadwala amaitana agogo ake. Sindikuweruza, chifukwa ndalama imene ikutumizidwayo ndiyo ikudyetsa mwana yemweyo. Ndikungofunsa kuti cholinga chija chikutumikirabe chimene chinamunyamutsa kumudzi, kapena nyumba yalanda mpando wa ana? Mwina zipinda ziwiri ndi tsiku lodziwika lobwerera zikanagwirizana bwino ndi mtima wake. Mwinanso ayi. Wodziwa ndi mwini wake, koma adzifunse chaka ndi chaka, asadikire kuti nyumba ithe.

Cholinga chikadziwika, chipatseni nambala ndi tsiku. Kunena kuti ndikufuna kutukuka sikudinda sheya. Tinene kuti mukufuna K520,000 pofika Disembala chaka chamawa. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye ndi K10,000 pa sabata. Ngati sheya ya gulu lanu ndi K5,000, ndiye masheya awiri sabata iliyonse, chiwongoladzanja chidzangokhala chowonjezera. Mukaona kuti masheya awiri sangatheke popanda ana kugona ndi njala, talikitsani nthawi kapena chepetsani cholinga. Masamuwa achitike lero, pa pepala, asadzachitike mwezi wachisanu ndi chimodzi wakatapila ali pakhomo.

Koma nambala ya ndalama yokha musaikhulupirire kwambiri. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, patangotsala masabata ochepa kuti magulu ambiri agawane. Amene analemba kuti ndisunga ndalama zakuti anazipezadi ndalamazo, koma atafika ku shopu sizinakwane katundu amene ankafuna. Anzathu a ku Zimbabwe izi anaziona kale mu 2008, ndipo mu Epulo 2024 anasinthanso ndalama kubwera ZiG. Choncho lembani cholinga chanu mu zinthu: malata 30, matumba 20 a simenti, fizi ya materemu atatu, makina osokera amodzi. Mtengo muziufunsa miyezi itatu iliyonse. Ngati chinthucho sichiwonongeka ndipo muli ndi posunga podalirika, kugula pang'onopang'ono kumaposa kudikira Disembala.

Cholinga chochokera mumtima chili ndi ntchito inanso, imene ine ndimaiona yaikulu kuposa zonse: chimakupatsani pakamwa pokanira. Ife tinaleredwa kuti m'bale akagogoda, chitseko chitseguke, ndipo ndi khalidwe labwino limene sindikufuna kuti litayike. Maliro ndi matenda sizidikira bajeti. N'chifukwa chake m'magulu mwathu muli thumba la zadzidzidzi, ndipo ndikupempha kuti aliyense akhalenso ndi kathumba kotere kakekake. Muikiretu kuti pa ndalama yogawana, gawo lakuti ndi la abale. Likatha latha. Mlamu akabwera kudzabwereka mpamba wachitatu asanabweze woyamba, simunama kuti ndilibe, chifukwa mudzi wonse ukudziwa kuti mwagawana dzulo. Mumangoti, achimwene, ndalama ilipo koma ndi ya fizi ya mdzukulu wanu, mwini wake ndi iyeyo. Mawu amenewa amatuluka mosavuta ngati ndi oona. Firiji yotengera mnzanu simungaiteteze choncho, lilime limalemera.

Amuna athu nawo tisawaiwale pa nkhaniyi. Pali mabanja amene tsiku logawana bambo amadikirira pa msewu. Kumene kuli kotheka, cholinga chikambidwe pakhomo chaka chikamayamba, onse awiri adziwe kuti ndalama iyi ndi ya malata. Kumene kukambako kungabweretse ndewu, mayi ali ndi ufulu wopempha gulu kuti limuthandize kulipira fizi kapena kugula katunduyo tsiku lomwelo, ndalama isanalowe m'nyumba. Magulu ena amachita kale zimenezi, ndipo ndikanakonda kuti pa chakudya chamasana atiuze mmene amachitira.

Ndimalize ndi pempho kwa atsogoleri a magulu. Pali chizolowezi chimene chafala chokakamiza membala aliyense kutenga ngongole kuti chiwongoladzanja chichuluke pogawana. Ndikumvetsa chifukwa chake, ndalama yogona m'bokosi siswana. Koma mayi amene alibe bizinesi yoikamo ndalamayo akatenga K100,000 pa 20 peresenti, mwezi ukatha akufunika K120,000. K20,000 yapamwambayo aichotsa pa ndiwo, kapena akabwereka ku gulu lina kuti atseke kuno, ndipo tonse tamvapo za amayi amene analandidwa ziwiya, ena kuthawa m'mudzi usiku. Tikatero tamusenzetsa mnzathu cholinga cha gulu n'kumugwetsera chake. Ndikupempha kuti nkhani imeneyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana mawa. Ndikupemphanso kuti chaka chatsopano chikamayamba, bokosi lisanatsekulidwe, membala aliyense apatsidwe mphindi ziwiri zonena chimene akusungira ndi chifukwa chake, mlembi alembe kumbuyo kwa kabuku kake. Amene sakufuna kunena pagulu anong'oneze mlembi yekha.