Chizimalupsa si mvula yobzalira

Funso limene limabwera kawirikawiri pa pologalamu ya mapemphero ndi ili: ndapempha Mulungu kuti andionetse njira, kaya pa za banja, kaya za ntchito, kaya za ulendo wa ku Joni, koma kumwamba kuli zii. Nditani?

Tiyambire kumunda. Kuno ku Angónia mvula yoyamba ija ya mu Okutobala, imene makolo anaitcha chizimalupsa, ndi yonyenga. Fumbi latha, dothi likununkhira, mtima nkumati tenga khasu ukabzale. Chimanga chimamera ndithu, koma dzuwa likabwereranso masabata awiri kapena atatu chimapserera, mbewu yogula ndi ndalama ya mbuzi nkupita pachabe. Mlimi wodziwa amadikira mvula yonyowetsa mzere mpaka m'kati. Komatu podikirapo sakhala pakhonde ayi. Akusosa, akugalauza mizere, akututa manyowa. Kudikira kumene ndikunena lero ndi kumeneko.

Pa 1 Samueli 13 pali nkhani ya mfumu Sauli ku Giligala. Samueli anali atamuuza kuti adikire masiku 7, iye adzabwera kudzapereka nsembe. Afilisti anali atamanga misasa ku Mikimasi, asilikali a Sauli akuthawa mmodzimmodzi, ena kukabisala m'mapanga. Sauli anadikira, tisamunamizire. Tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chiwiri. Kenaka mtima unamuthawa, anatenga nyama napereka yekha nsembe yopsereza. Atangomaliza, Samueli uyu watulukira. Ufumu unachoka pa banja lake chifukwa cha kanthawi kochepa komalizirako.

Chimene chimandiopsa pa nkhaniyi n'chakuti Sauli sanapite kwa sing'anga tsiku limenelo, sanaledzere, sanabe. Anapereka nsembe, chinthu chooneka chopatulika. Phuma la Mkhristu nthawi zambiri limabwera litavala zovala za kutchalitchi. Timati "ndamva mumtima mwanga kuti Mulungu wavomera," pamene chatikankha ndi mantha. Sauli ankawerenga anthu amene akumuthawa, ndipo anatsala ndi anthu ngati 600 okha. Ifenso timawerenga: mnzanga wafolera malata, mng'ono wanga wakwatiwa ine ndidakali pakhomo pa amayi, wakuti wabwera ndi njinga yamoto. Mtsikana nkulola mwamuna amene akudziwa bwino kuti ali ndi mkazi ku Tete. Mnyamata nkugulitsa ng'ombe ya bambo ake, kukwera chapa opanda pasipoti.

Ndiye pali anthu amene amadyera pa phuma lathuli. Si zachilendo. Pa Yeremiya 28 mneneri Hananiya anauza anthu kuti ukapolo wa ku Babulo utha m'zaka ziwiri zokha, mpaka anathyola goli limene Yeremiya anavala m'khosi. Uthenga wokoma, ndani sakanaomba m'manja? Koma unali wabodza, ndipo Hananiya anamwalira chaka chomwecho. Yeremiya analembera akapolowo kalata yowawa: zaka zake ndi 70, choncho amange nyumba, alime minda, akwatire, apempherere mzinda umene akukhalamo. Lero munthu akakuuzani kuti yankho lanu litsika Lachisanu mukangogula botolo la mafuta kapena la madzi, mukumbukire Hananiya. Sindikunyoza mpingo wa munthu aliyense, koma chitsogozo cha Mulungu sindinachionepo chikugulitsidwa pa meticais.

Akuluakulu muli pano kalata ya Yeremiya ija simukufunika kuimasuliridwa, munaiona ndi maso. Nthawi ya nkhondo anthu a kuno ndi a ku Tsangano anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Ambiri ponyamuka ankati tibwera mwezi wamawa. Zokambirana za mtendere ku Roma zinayamba mu Julayi 1990, mothandizidwa ndi a Sant'Egidio ndi bishopu wamkulu wa ku Beira, Dom Jaime Gonçalves, koma Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anadzasaina pa 4 Okutobala 1992. Zaka ziwiri ndi miyezi yake anthu atatchera khutu ku wailesi. Amene ankati sindilima m'dziko la eni chifukwa ndikupita mawa, anangodalira ufa wogawidwa. Amene anapempha kadimba, kutumiza ana kusukulu, kuphunzira ukalipentala kapena kusoka, anabwerera kwawo ali ndi poyambira.

Wina afunsa kuti, nanga ndidziwa bwanji kuti tsopano yagwa ndi yobzalira? Ine ndilibe muyezo wa mvula ya kumwamba, koma pali zoyesera. Chimene ukuti Mulungu wakuuza chikatsutsana ndi Mawu ake, si iye. Ngati ukuopa kuwauza akulu a mpingo, ankhoswe kapena akazi ako, ukufuna kuchita mobisa, pamenepo ima kaye. Ndipo chinthu chongokukakamiza kuti lero lomwe, ukachedwa mwayi wapita, chipatse sabata. Cha Mulungu sichivunda pa masiku 7. Pa matenda pokha musandimve molakwa: mwana akatentha thupi, thamangani naye kuchipatala mukupemphera m'njira. Kumeneko si kusowa chikhulupiriro.

Pali china chimene alaliki sitikonda kunena. Zaka 70 zija zinatanthauza kuti ambiri amene anamva kalata ya Yeremiya ikuwerengedwa sanadzaonenso Yerusalemu. Ifenso tili ndi manda a makolo athu tsidya la malire, anthu amene anapemphera usiku ndi usana kuti adzafere kwawo. Analima madimba aja, ndipo anabwerera ndi ana awo. Chifukwa chake sindingakulonjezeni tsiku, mayi inu amene mwadikira mwana zaka 10. Ndingopempha gulu lathu kuti anthu otere tiziwayendera, osawafunsa kuti analakwa chiyani.

Amene muli ndi mafunso muwapereke kwa mlembi, tidzawayankha pa wailesi.