Tomato wa M'nyumba ya Pulasitiki ndi Tomato wa Kudimba: Mlimi Ayambe Wawerenga

Mawu amene adayankhulidwa kwa alimi a mbewu za m'dimba



Palibe khomo m'dziko muno, la wolemera kapena la wosauka, limene mphika wa ndiwo umatereka pamoto mwini wake osafunsa za tomato. Usipa ufuna tomato, nyemba zifuna tomato, ngakhale bonongwe ndi chisoso zimene zimangodzimerera m'munda zimakoma ndi tomato. Mbewu imeneyi kwawo ndi ku South America ndi ku Mexico, ndipo anthu a ku Spain ndiwo adaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, koma lero yazika mizu kotero kuti mwana wa ku Tsangano kapena wa ku Bembeke angalumbire kuti makolo ake adabadwa nayo. Chifukwa chake nkhani ya kalimidwe ka tomato ikhudza thumba la mlimi ndiponso mbale ya munthu aliyense.

Aliyense amene adaimapo pamsika wa Lizulu kapena wa Jenda adziwa kuti tomato ali ndi nyengo ziwiri. M'chilimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Novembala, madimba onse amacha pamodzi, madengu amadzaza m'mbali mwa msewu, wogula ndiye amatchula mtengo, ndipo dzuwa likamalowa mlimi amagulitsa motaya poopa kubwerera ndi katundu woti mawa aola. Koma m'dzinja, makamaka kuyambira Januwale kufikira Malichi, tomato amasowa, mulu umachepa, mtengo umakwera, ndipo mayi wa m'tauni amadula tomato mmodzi pawiri kuti afike mawa. Mlimi wanzeru aona kuti ndalama zili m'dzinja, pomwe tomato wake amacha m'chilimwe. Apa ndi pamene padzera nyumba ya pulasitiki, imene ambiri aitcha girinihausi. Tsono funso ndi ili: kodi mlimi asiye dimba la makolo ake ndi kukongola ndalama zomangira nyumba yotere, kapena alimbikire pamtetete pomwepo?

Poyamba kuyenera kudziwika chimene chimapha tomato m'dzinja. Tomato amakonda madzi kumizu, koma amadana ndi madzi pamasamba. Mvula ikagwa masiku otsatizana, masamba amakhala onyowa usiku ndi usana, ndipo matenda a chiwawu, omwenso amagwira mbatatesi, amapeza njira. M'madera ozizira ndi a nkhungu monga Dedza, Ntcheu ndi Thyolo, chiwawu chingathe kupserezeratu munda wonse m'masiku owerengeka. Madontho a mvula amathovutsiranso dothi pamasamba a m'munsi ndi kufalitsa matenda, mankhwala amene mlimi wapopera m'mawa amatsukika masana, ndipo zipatso zimang'ambika chifukwa cha madzi obwera mwadzidzidzi.

Ntchito yaikulu ya nyumba ya pulasitiki m'dziko lotentha ndiyo kutchinga mvula imeneyi. Ku Ulaya nyumba zotere adazimanga pofuna kusunga kutentha m'nyengo ya chisanu, koma kuno denga lake ndi ambulera. Masamba akhala ouma, madzi apita kumizu kokha kudzera m'mapaipi odontheza, ndipo ukonde wa m'mbali uletsa tizilombo tambiri, monga ntchentche zoyera zimene zimafalitsa matenda opiringiza masamba. M'nyumba yotere mumabzalidwa mitundu ya tomato yosaleka kukula, monga Anna F1, imene imakwera chingwe kufika kudenga ndi kubereka miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, pamene mitundu yaifupi ya kudimba monga Roma imathyoledwa masabata owerengeka n'kutha.

Kumene luso limeneli lidakhwima zokolola zake n'zodabwitsa. Ku Netherlands, m'nyumba zagalasi zotenthetsedwa, alimi amakolola makilogalamu oposa 50 pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pachaka. Ku Almería, m'dziko la Spain, dera louma lidakutidwa ndi nyumba za pulasitiki pa mahekitala oposa 30,000, ndipo ndiwo zamasamba za kumeneko zimadyetsa maiko ambiri a ku Ulaya. Mlimi wa kuno asayembekeze zofanana ndi zimenezo, pakuti anzakewo ali ndi magetsi, makina ndi misika yokhazikika. Komabe nyumba yaing'ono ya mamita 8 m'lifupi ndi mamita 15 m'litali imalowa mitengo ya tomato pafupifupi 300. Mtengo uliwonse utabereka makilogalamu 5, mlimi angatulutse makilogalamu 1,500 pakamalo kosakwana bwalo la pakhomo, ndipo angawatulutse pa nthawi imene anzake alibe kanthu.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amagulitsa nyumbazi amatchula zokolola, koma kawirikawiri satchula zolemetsa zake, ndipo mlimi ayenera kuzimva asanasaine chikalata cha ngongole.

Cholemetsa choyamba ndi ndalama. Pulasitiki woyenera, wopirira dzuwa, wochindikala mamaikuloni 200, amachokera kunja, pamodzi ndi ukonde, mapaipi ndi mbewu ya haibulidi. Pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja idakwera. Kuwonjezera apo, pulasitiki sakhala muyaya: pakapita zaka zitatu kapena zinayi amafooka ndi dzuwa ndipo afunika wina. Mbewu ya haibulidi nayo siisungidwa monga amachitira ndi mbewu yamakolo, igulidwa chaka ndi chaka. Mlimi amene adya phindu lonse la chaka choyamba osapatula ndalama ya denga latsopano adzatsala ndi mafupa a nyumba oti nkhuku zizigonamo.

Chachiwiri ndi madzi. Denga limene litchinga mvula yowononga litchinganso mvula yothandiza, motero m'nyumba ya pulasitiki muli chilimwe chaka chonse. Tomato wamkulu wobereka angamwe malita awiri patsiku lotentha. Mitengo 300 ndiye kuti malita 600, kapena ndowa 30 za malita 20, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe, tsiku la maliro lomwe. Kuthirira kodumphadumpha kumachititsa zipatso kuda ndi kuola kumunsi kwake, pakuti mchere wa kashiamu sufika bwino m'chipatso madzi akamasowa. Amene alibe chitsime chosaphwa, thanki ndi munthu wokhulupirika wothirira asayambe n'komwe.

Chachitatu ndi kutentha. Tomato amakula bwino masana akakhala pakati pa madigiri 21 ndi 27. Kutentha kukapitirira madigiri 32 kwa masiku angapo, mungu umafooka ndipo maluwa amayoyoka osabereka. Nyumba yotsekeka imatentha koposa panja, motero nyumba imene ithandiza mlimi wa ku Dedza ingasanduke ng'anjo ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima m'mwezi wa Okutobala. Kumalo otentha ifunika kukhala yaitali, ya mpata wotulutsira mpweya kudenga ndi ya ukonde m'mbali monse. Ndiponso duwa la tomato limabereka likagwedezeka, ntchito imene panja igwiridwa ndi mphepo ndi tizilombo touluka. Ku Ulaya, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, alimi amagula njuchi zazikulu zoweta kuti zigwire ntchitoyi. Kuno mlimi ayenera kuyenda yekha m'mizere chakum'mawa, mame atauma, akugwedeza zingwe.

Chachinayi ndi nthaka. Dimba lingasinthidwe, koma nyumba siinyamulidwa. Tomato akabzalidwa pamalo amodzi chaka ndi chaka, tinyongolotsi totupitsa mizu timachuluka, ndipo matenda ofotetsa, amene amaumitsa mtengo wobiriwira tsiku limodzi, akalowa m'nthaka amakhalamo zaka zambiri popanda mankhwala owachotsa. Mlimi wa m'nyumba ayenera kusinthitsa tomato ndi mbewu za mtundu wina, kapena kubzala m'matumba a dothi loyera. Asaiwalenso kuti tomato, fodya, mbatatesi, tsabola ndi mabiringanya ndi ana a bere limodzi ndipo amapatsirana matenda. Nyumba isamangidwe pamene padali nazale ya fodya, ndipo wosuta fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbewu.

Chachisanu ndi chakuti mdani akalowa m'linga amakhala wotetezedwa ndi linga lomwelo. Akangaude ofiira amakonda malo otentha ndi ouma, ndipo m'nyumba ya pulasitiki mulibe mvula yowatsuka. Palinso kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta, kamene mphutsi zake zimaboola masamba ndi zipatso. Kadachokera ku South America, kadafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ku Zambia mu 2016, ndipo lero alimi a tomato a kuno akadziwa bwino. Kachilombo aka kamazolowera mankhwala msanga ngati mlimi apopera mtundu umodzi wokhawokha. Chitseko chosiyidwa chotsegula kapena ukonde wong'ambika pang'ono zikwanira kuti kalowe ndi kuswana. Pamwamba pa zonsezi pali mphepo: anthu a kum'mwera amene adaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa chimene mphepo ndi madzi zingachite ndi denga la pulasitiki.

Tsono dimba la pamtetete lisanyozedwe. Ndilo ladyetsa dziko lino tomato kuyambira kale, ndipo ndilo lipereka tomato wochuluka pamisika kufikira lero. Silifuna ngongole yaikulu. M'chilimwe, pamene mvula kulibe, dzuwa ndi mphepo zimagwira kwaulere ntchito imene mwini nyumba ya pulasitiki amalipira. Mlimi wa kudimba angakuze munda chaka chabwino ndi kuuchepetsa chaka choipa, angasinthe malo pothawa matenda, ndipo mbewu ikalephera wataya ya nyengo imodzi yokha. Mitundu monga Money Maker, Tengeru 97 wochokera ku Tanzania, ndi Rodade amene amapirirako matenda ofotetsa, yathandiza mabanja ambiri kulipira sukulu ndi kufolera nyumba ndi malata.

Chimene chimagwetsa dimba kawirikawiri si kusowa kwa denga koma kusowa kwa chisamaliro. Mbande ziwokeredwe zili ndi masabata anayi, zathanzi, panthaka yothiridwa manyowa owolerana. Mtengo uliwonse uzikiridwe kamtengo kouchirikiza kuti zipatso zisagone pansi. Mphukira zosafunika ndi masamba a m'munsi zichotsedwe kuti mpweya uziyenda. Nthaka iphimbiridwe ndi udzu, madzi athiridwe patsinde osati pamasamba, ndipo tomato asabwerere pamalo omwewo zisanathe zaka zitatu. Koposa zonse, mlimi asabzale tsiku limodzi munda wonse, koma agawe nazale yake m'magawo otalikirana masabata atatu kapena anayi, kuti asadzakumane ndi anzake onse pamsika tsiku limodzi. Amene achita izi atseka mbali yaikulu ya mpata umene uli pakati pa iye ndi mwini nyumba ya pulasitiki, osakongola tambala.

Chigamulo chake n'chakuti njira ziwirizi si adani, koma iliyonse ili ndi nyengo yake. Dimba ndi la chilimwe, nyumba ya pulasitiki ndi ya dzinja. Womanga nyumba kuti akolole mu Sepitembala wawononga chuma chake, pakuti adzagulitsa pamtengo umodzi ndi mnzake amene sadalipire denga. Woimanga awerenge masiku chobwerera m'mbuyo: mwezi umodzi panazale, ndi miyezi iwiri ndi theka kuchokera powokera kufika pothyola koyamba. Wofuna kugulitsa mu Januwale afese chakumapeto kwa Sepitembala.

Asanagule msomali woyamba, mlimi adzifunse mafunso anayi. Kodi madzi alipo chaka chonse? Kodi wogula alipo wodziwika, monga sitolo, hotela, sukulu yogonera komweko kapena chipatala, amene adzatenga tomato sabata ndi sabata? Kodi pakhomo pali munthu woti adzalowa m'nyumbamo tsiku lililonse? Kodi ngongoleyo ingabwezedwe ngakhale nyengo imodzi italephera? Yankho limodzi likakhala lakuti ayi, ayambe wadikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Angayambe ndi kadenga ka pulasitiki pamitengo ya bulugamu kapena nsungwi, kopanda makoma, kotchinga mvula pamizere ingapo, ndi kulemba m'kope zonse zolowa ndi zotuluka. Kopelo lidzamuuza zoona koposa wogulitsa aliyense.

Ndiponso mutu umodzi susenza denga. Alimi khumi a m'kalabu imodzi angamange nyumba imodzi, kugawana masiku othirira, kuphunzira pamodzi ndi kukambirana mtengo ndi wogula ndi mawu amodzi. Alangizi a zaulimi alipo m'madera, malo ofufuzira za mbewu za m'dimba alipo ku Bvumbwe, ndipo sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ilipo ku Bunda. Safunsa adadya phula.

Mafumu, amayi ndi abambo, pulasitiki salima tomato, amalima ndi munthu. Mlimi waulesi akalowa m'nyumba ya pulasitiki amangokhala waulesi wa ngongole, pamene wakhama amapindula kudimba ndi m'nyumba momwe. Aliyense abwerere kwawo, akayang'ane madzi ake, nthaka yake, msika wake ndi thumba lake, ndipo akasankhe njira imene banja lake lingaisenze.