Zimene Zimabweretsa Matenda a Mtima: Mawu kwa Mabanja Athu a ku Tottenham

Nkhani yathu lero ndi ya matenda amene madokotala kuno amati heart attack. Mtima uli ndi mitsempha yakeyake imene imaupatsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'kati mwa mitsemphayi, njira imachepa pang'onopang'ono. Tsiku lina magazi amaundana pamalo opanikizikawo, njira n'kutsekeka, ndipo mnofu wa mtima umayamba kufa.

Kafukufuku wa INTERHEART, amene anachitika m'mayiko 52 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anapeza kuti zinthu 9 zokha n'zimene zimayambitsa pafupifupi 90 peresenti ya ngoziyi. Zambiri mwa zinthuzo tingathe kuzisintha.

Choyamba kwa ife ndi kuthamanga kwa magazi, kumene timati BP. Kuno ku UK, vutoli limapezeka kwambiri mwa anthu akuda ochokera ku Africa. Ku Malawi nakonso, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali nalo, ndipo ambiri sankadziwa. BP sipweteka. Mukhoza kukwera basi pa Seven Sisters m'mawa uliwonse mukumva bwino, pamene mitsempha ikuwonongeka. Ngati muyeso wanu ukufika pa 140/90 kapena kupitirira, kaonaneni ndi dokotala wanu. Mukapatsidwa mapiritsi, musawasiye chifukwa choti mukupeza bwino.

Mchere umakweza BP. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 6 patsiku, ndiko kuti kasipuni kamodzi ka tiyi. Kumbukirani kuti mchere wambiri umabisala m'timibulu tokometsera ndiwo, m'nsomba zouma zamchere, m'soseji ndi m'buledi. Soda amene timathira m'therere nayenso ali ndi sodiyamu wofanana ndi wa mumchere.

Chachiwiri ndi matenda a shuga, amene mwa anthu akuda chiopsezo chake chimayamba kukula pa zaka 25. Kwathu mimba yaikulu tinkaitenga ngati chizindikiro cha kupeza bwino, koma mafuta a pamimba ndi amene amaitana shuga. Dziyezeni ndi chingwe: kuzungulira kwa mimba yanu kusafike theka la msinkhu wanu. Chepetsani mitanda ya nsima, chulukitsani ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndipo muziyenda ndawala mphindi 150 pamlungu. Bruce Castle Park ndi Tottenham Marshes muli nazo pafupi, ndipo salipiritsa.

Chachitatu ndi fodya. Munthu akasiya kusuta, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha heart attack chimatsika ndi theka. Dziwaninso mbiri ya banja lanu. Ngati bambo kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali wanu asanafike zaka 65, muuzeni dokotala.

Ena mwa inu mumaopa kupita kuchipatala chifukwa cha mapepala. Kulembetsa kwa GP n'kwaulere kwa aliyense, ndipo simufunika kuonetsa chilolezo chokhalira m'dziko muno. Mungapemphe womasulira popanda kulipira. A zaka 40 mpaka 74 amaitanidwa ku NHS Health Check zaka 5 zilizonse, kumene amayeza BP ndi mafuta a m'magazi. Mafamase ambiri amayezanso BP kwaulere kwa a zaka 40 kapena kuposerapo.

Pomaliza, zizindikiro. Pachifuwa pamalemera ngati patsamira chinthu, ululu umafalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, thukuta limatuluka, mpweya umabanika. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina amangomva nseru ndi kufooka. Zikatere imbani 999 nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche, musayambe mwaimbira achibale, ndipo musadziyendetsere galimoto kupita ku North Middlesex. Ambulansi imayamba thandizo pakhomo panu, ndipo ingakupititseni mwachindunji kuchipatala chotsegula mitsempha, monga St Bartholomew's kapena Royal Free. Thandizo la ku A&E n'laulere kwa aliyense.

Pempho langa n'lakuti mlungu uno mukayezetse BP, ndipo mutenge mnzanu wa m'nyumba mupite naye.