Mwana Woodzera m'Kalasi ndi Zimene Anzeru Apeza za Tulo

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi)



Palibe mphunzitsi wa kumudzi amene samdziwa mwana uja wa pa benci la kumbuyo, amene dzuwa lisanafike ndi pamutu pomwe khosi lace liyamba kulefuka, maso kulemera, pensulo nkugwera pansi. Mlandu wace uweruzidwa msanga: ndi waulesi. Koma anzeru amene afufuza za tulo apeza zinthu zoyenera kucedwetsa ciweruzo cotere.

Kale anthu anali kuyesa kuti pogona ubongo ungozima monga nyali yotha mafuta. Maganizo awa anayamba kugwa m'caka ca 1929, pamene Hans Berger, dotolo wa ku Jena m'dziko la Germany, analengeza kuti ubongo uturutsa timphamvu ta magetsi timene makina angathe kutilemba pa pepala ngati mizere yokhotakhota. Ndi makina otere Eugene Aserinsky, wophunzira wa Nathaniel Kleitman ku Chicago, anayamba kulonda anthu ogona, ndipo mmodzi wa oyamba anali mwana wace yemwe wa zaka 8. Anaona kuti nthawi zina usiku maso a wogona athamanga uku ndi uko pansi pa zikope, ndi kuti pamenepo mizere ya ubongo ifanana ndi ya munthu amene ali maso. Ambiri odzutsidwa pa nthawiyo anali kunena kuti analikulota. Izi zinafalitsidwa mu 1953. Mu 1957 Kleitman ndi William Dement anasonyeza kuti tulo tiyenda mozungulira: topepuka, kenaka tofa nato, kenaka ta maloto, ndi kuyambanso, ulendo uli wonse monga mphindi 90, kanai kapena kasanu pa usiku umodzi. Tulo tofa nato ticuruka kuciyambi kwa usiku, pamene ta maloto ticuruka m'bandakuca. Motero mwana wodzutsidwa tambala woyamba kuti akatunge madzi kapena kumanga ng'ombe pa goli sangocepetsedwa maola cabe. Alandidwa cigawo cina ca tulo cimene sakanacipeza madzulo.

Cimene cikhudza nchito ya mphunzitsi koposa cinayesedwa kale zonsezi zisanadziwike. Mu 1924 John Jenkins ndi Karl Dallenbach a ku Cornell, ku America, anapatsa ophunzira awiri timau topanda tanthauzo kuti aloweze pamtima. Nthawi zina anawo anali kugona atangoloweza, nthawi zina anali kupitiriza nchito zao za usana. Atapita maola 8, anakumbukira zambiri ngati anagona, ndi zocepa ndithu ngati anakhala maso. Anthu awiri ngocepa, nzoona, koma mayeso ambiri a m'zaka zotsatira abvomereza kuti ubongo ukhazikitsa zophunzira munthu ali m'tulo. Ndiye kuti mwana wocezera pa koloboyi usiku wonse mayeso ali mawa aononga ndi dzanja limodzi zimene alikumanga ndi linzace. Ndipo mphunzitsi womtamanda cifukwa ca khama lotere alakwa naye pamodzi. Madotolo anena kuti ana a zaka 6 kufikira 12 afunika maola 9 mpaka 12, ndi a zaka 13 kufikira 18 maola 8 mpaka 10. Apezanso kuti mwana akatha msinkhu thupi lace licedwa kumva tulo madzulo, nilicedwanso kugalamuka m'mawa, ngakhale iye asafune.

Ana ambiri oodzera alibe nthenda ya tulo ai. Ena abwera ndi njala, ena ayenda mtunda wautali, ena anacezera pa maliro kapena ku gule, ena magazi awacepera cifukwa ca malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba. Komabe ziripo nthenda zitatu zimene mphunzitsi ayenera kuzizindikira.

Yoyamba idziwika ndi mkonono. Mwana aliza mkonono waukuru usiku uli wonse, mpweya nkuima kanthawi, kenaka adzidzimuka ngati wotsamwa. Kawiri kawiri cocititsa ndi matonsilo otupa amene atseka njira ya mpweya. Codabwitsa ncakuti mwana wotere usana saodzera nthawi zonse; ena akhala osakhazikika ndi osamvera, nalangidwa cifukwa ca mwano umene suli wao.

Yaciwiri ndi imene dotolo wa ku France, Jean-Baptiste Gélineau, anaicha narcolepsy mu 1880. Iyamba kawiri kawiri pa unyamata. Tulo timgwera munthu mwadzidzidzi, ngakhale alikudya kapena kulankhula, ndipo ena akaseka kwambiri maondo afooka nagwa pansi ali maso. M'mudzi zotere sizicedwa kuchedwa ufiti. Koma m'caka ca 2000 kunadziwika kuti ambiri odwala motere ubongo wao usowa kanthu kochedwa orexin, kamene kasunga munthu ali maso. Sicizika kotheratu, koma mankhwala ndi kugona pang'ono usana pa nthawi zoikika zithandiza mwana kupitiriza sukulu.

Yacitatu njakwao kwa aphunzitsi a ku cigwa: kaodzera, wofalitsidwa ndi kashembe. Kacirombo ka mtundu wa kuno kanafotokozedwa mu 1910 ndi Stephens ndi Fantham a ku Liverpool, atakapeza m'magazi a Mngelezi amene anadwala ataturuka m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1912 Kinghorn ndi Yorke anatsimikiza m'cigwa momwemo kuti kashembe wa m'chire ndiye akanyamula. Nthendayi iyamba ngati malungo, ndi kutentha thupi ndi mutu. Ikafika ku ubongo isokoneza nthawi za tulo, kotero kuti wodwala aodzera usana nakhala maso usiku, ndi makhalidwe ace asintha. Yosacizidwa ipha m'miyezi yowerengeka; koma mankhwala alipo, ndipo agwira bwino nchito ngati wodwala afika msanga.

Mphunzitsi si dotolo, koma aona mwana maola ambiri kuposa dotolo ali yense. Angathe kulemba kumapeto kwa buku la maina masiku ndi nthawi zimene mwanayo aodzera, kwa masabata awiri; amfunse payekha, osati pamaso pa anzace, kuti anagona liti, anadzuka liti, ndipo anadya ciani; afunsenso amai ace kapena mbale wogona naye pa mphasa ngati amva mkonono. Cifukwa cikakhala nchito za pakhomo, ndi nkhani yokambirana ndi makolo mwaulemu. Koma pakakhala kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, kugwa poseka, kapena mpweya woima usiku, mwanayo apite ku cipatala, ndipo pepala la masiku lija apite nalo.