MBUNU AMENE ANAPANGA MAKAUBOYI ACIZULU



Akuluakulu amene anagwira nchito ku migodi ya mkuwa m'zaka za ma 1950 sanaiwale bayasikopo wa pabwalo. Dzuwa litalowa, anthu anali kusonkhana cikhamu, amuna, akazi ndi ana, kudzaona Mzungu wa cipewa cacikulu akuthamanga pa kavalo ndi kumenya adani ace ndi nkhonya. Kauboyi ali yense, kaya dzina lace lenileni ndani, anthu anali kumucha Jeke. Masiku amenewo Boma la Northern Rhodesia linali ndi anthu oyamba aona cithunzithunzi ciri conse cisanafike kwa anthu akuda, nadulamo zimene iwo sanazikonde, kotero kuti nthawi zina nkhani inali kudumpha osadziwika mutu wace. Koma cinthu cimodzi sicinasinthe: ngwazi ya pa nsalu yoyera ija inali Mzungu masiku onse.

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene anaika munthu wakuda pa kavaloyo ndi kumpatsa mfuti m'dzanja. Codabwitsa n'cakuti munthuyo anali Mbunu, ndipo anacita izi m'dziko la South Africa pa nthawi imene tsankho la apartheid linali litafika pacimake. Dzina lace ndi Tonie van der Merwe.

Bambo ameneyu sanaphunzire za zithunzithunzi ai. Nchito yace inali ya zomangamanga, ndipo anali ndi kampani yace ku Joni, yolemba anchito akuda ambiri. Anaona kuti anthu amenewa akonda bayasikopo koposa, koma zonse zimene anali kuona zinali zocokera kunja. Pa nthawi yomweyo ku America kunabuka zithunzithunzi za ngwazi zakuda, monga Shaft ca mu 1971, zimene zinapangidwa ndi ndalama zocepa koma zinabweretsa phindu lalikulu. Van der Merwe anawerenga ndalama monga acitira munthu wa malonda, naona kuti pali msika umene palibe anaugwira. Tsono anagwirizana ndi Louis de Witt, munthu wodziwa nchito ya kamera, napanga cithunzithunzi cochedwa Joe Bullet. De Witt ndiye anatsogolera osewera, pamene Van der Merwe anaturutsa ndalama.

Nkhani yace njosabvuta kuitsata. Kuli timu ya mpira yochedwa The Eagles, imene ikonzekera masewera otsiriza a cikho. Mkulu wina wa zigawenga, wobisa nkhope yace, afuna kuti timuyo igonje, ndipo ayamba kuopseza, kuba anthu ndi kupha. Eni timu aitana Joe Bullet, mwamuna wodziwa mfuti, mpeni ndi karate, kuti awapulumutse. Amene anasewera ngati Joe ndi Ken Gampu wa ku Germiston, munthu wamtali ndi wa mau akulu, amene anali ataoneka kale mu Dingaka ndi mu The Naked Prey. Mkazi wa m'nkhaniyo anali Abigail Kubeka, woyimba amene anayimbapo ndi Miriam Makeba m'gulu la Skylarks.

Mu 1973 Joe Bullet anaonetsedwa m'nyumba ya bayasikopo ya Eyethu ku Soweto. Anaonetsedwa kawiri kokha, Boma ndi kumuletsa. M'cithunzithunzico munalibe mau a ndale ngakhale amodzi, munalibe wonyoza Boma, munalibe wochula za pasi kapena za ndende. Cimene cinaopsa akuluakulu aja ndi kuona munthu wakuda wobvala bwino, woyendetsa galimoto labwino, wogwira mfuti, wothetsa yekha mlandu popanda kupempha thandizo kwa Mzungu. Inu amene munaona ana a m'komboni akuyenda ngati Jeke m'mawa mwace mwa bayasikopo mudziwa kuti mantha awo sanali opanda pace. Pambuyo pace ciletso cija cinacotsedwa, koma cithunzithunzico sicinabwererenso kwa anthu, ndipo ndalama za mwini wace zinapita ndi madzi.

Munthu wina akadabwerera ku njerwa ndi simenti. Van der Merwe sanatero. Anapita kwa Boma lomwelo limene linamuletsa, nalikopa kuti lizipereka ndalama zothandiza opanga zithunzithunzi za anthu akuda, monga linali kucitira kale kwa opanga za Azungu. Makonzedwe amenewa anadziwika ndi dzina lakuti B-Scheme. Lamulo lace linali lakuti osewera akhale anthu akuda, cinenero cikhale ca anthu akuda, monga Cizulu, Cixhosa kapena Cisotho, ndipo Boma lilipire wopangayo molingana ndi matikiti amene agulitsa.

Apa ndi pamene nchito yace inakula, ndipo apa ndi pamenenso pali mlandu wace. Popeza ndalama zinali kubwera ndi matikiti, osati ndi ubwino wa cithunzithunzi, nzeru inali yakuti upange zambiri, msanga, ndi ndalama zocepa. Cithunzithunzi cimodzi cinali kutha m'masabata owerengeka. Osewera anali omwewo omwewo, lero wakuba, mawa wapolisi. Nyumba za bayasikopo za anthu akuda zinali zocepa, cotero magalimoto anali kunyamula makina oonetsera ndi injini ya magetsi kunka nazo ku midzi, ku masukulu ndi ku nyumba za machalichi, kumene anthu ambiri anali asanaonepo bayasikopo cibadwire. Mwini wace ananena kuti anagwirapo nchito pa zithunzithunzi pafupifupi 400, kwina monga wotsogolera, kwina monga woturutsa ndalama. Azungu ena ambiri, osadziwa ngakhale cinenero ca osewera awo, anathamangira nchito yomweyo, kufikira zithunzithunzi za B-Scheme zinapitirira 1,000.

Mwa zonse zimene iye anatsogolera, codziwika kwambiri ndi Umbango ca mu 1986. Ici ndi ca makauboyi enieni: akavalo, zipewa, nyumba ya mowa ya zitseko zogwedezeka, ndi amuna oyang'anizana pakati pa mseu dzanja liri pa mfuti. Koma onse alankhula Cizulu. Mkulu wa acifwamba akhulupirira kuti amuna awiri ndiwo anapha mbale wace, ndipo abwera ndi gulu lace kudzalipsira. Popo Gumede ndi Hector Mathanda anasewera m'menemo. Woona cithunzithunzici lero aseka poona ndebvu zomata ndi nkhonya zosafika pa tsaya, koma kwa mwana wa ku mudzi wa mu 1986, Jeke anali atalankhula cinenero ca amai ace.

Tsono funso limene anthu ophunzira akangana nalo ndi ili: kodi Van der Merwe anathandiza anthu akuda, kapena anathandiza Boma? Keyan Tomaselli, m'buku lace The Cinema of Apartheid la mu 1988, anaonetsa kuti zithunzithunzi za mtundu uwu zinali kugwira nchito ya Boma mwakacetecete. Munalibe apolisi a Cizungu ofunsa pasi, munalibe ana a sukulu a ku Soweto amene anaomberedwa mu 1976, ndipo zambiri zinaphunzitsa kuti m'tauni muli zoipa zokha zokha, malo a munthu wakuda ndi ku mudzi, amene ndiwo mau enieni a apartheid. Pa zaka zimenezo atsogoleri a ANC anali mu Lusaka muno, ulendo wosakwana ora limodzi kucokera ku Kafue, kulimbana ndi Boma lomwe linali kulipira makauboyi aja. Ndipo munthu wakuda amene anayesa kunena zoona anaona zina: Gibson Kente anamangidwa mu 1976 pamene anali kupanga How Long, ndipo cithunzithunzi cace cinaletsedwa. Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Van der Merwe anaphunzira pa Joe Bullet pamene pali malire, ndipo sanawadumphenso.

Komabe mbali inayo iyenera kumveka. Osewera akuda analandira malipiro pa nthawi imene makomo ena onse anali otseka, ena anaphunzira kugwira kamera ndi makina a mau, ndipo ena analowa mu televizyoni pamene mawailesi a kanema a zinenero za anthu akuda anatsegulidwa mu 1982. Phindu lalikulu, kunena zoona, linatsala m'matumba a Azungu.

Mapeto a B-Scheme anali a manyazi. Opanga ena anayamba kunama ciwerengero ca matikiti kuti alandire ndalama za anthu amene sanabwere, ndipo cakumapeto kwa zaka za ma 1980 Boma linatseka thumba lija. Nchito yonse inafa nthawi imodzi. Zithunzithunzi zambiri zinatayika, zina zinaola m'zitini, ndipo dziko latsopano la 1994 silinafune kuzikumbuka.

Mu 2013 Benjamin Cowley wa kampani ya Gravel Road ku Cape Town anakomana ndi Van der Merwe, atakalamba, napeza kuti zina mwa zitini zija ziripo. Anazitsuka ndi kuzikonza pa kompyuta. Mu 2014 Joe Bullet anaonetsedwa pa cikondwerero ca zithunzithunzi ku Durban, patapita zaka 41 ciletsedwere, ndipo Van der Merwe analandira mphoto ya ulemu yochedwa ndi dzina la Simon Sabela, munthu wakuda amene anatsogolera U-Deliwe mu 1975. Mu 2015 Joe Bullet ndi Umbango anafika ku Berlin, ku Germany. Ken Gampu sanaone zimenezi, pakuti anamwalira ku Vosloorus mu 2003.